NTHAWI YOCEZA PA BANJA NAYO NDI MANKHWALA

Pali funso limodzi limene limafunsidwa tsiku ndi tsiku pa kiliniki iriyonse pamene mwana wodwala wabwera: "Kodi mwanayu anayamba liti kudwala?" Ndi funso lapafupi, koma makolo ambiri a m'makomboni amasowa yankho lake. Amai amati anacoka m'bandakuca kupita kumsika mwana akali mtulo, ndipo pobwerera usiku anamupeza atagona kale. Atate anali ku nchito. Wotsala ndi mwanayo anali mkulu wake wa zaka 10, amene angokumbukira kuti dzulo mwana anasiya phala m'mbale. Pofika naye ku cipatala mwana amakhala akupuma mobanika, ndipo matenda amene akadacira ndi mankhwala okamwera kunyumba amafuna kuti agonekedwe m'wodi.

Makolo otere si aulesi kapena ouma mtima. Ndi anthu amene akuthamangira ndalama ya unga, ya lendi ndi ya yunifomu, ndipo zonsezo acitira ana omwewo. Cimene casowa m'nyumbamo ndi nthawi yokhala pansi pamodzi popanda wina kuyang'ana kukhomo. Nkhani ino ifotokoza cifukwa cake a zaumoyo amaiwerengera nthawi yotere pamodzi ndi cakudya, madzi abwino ndi katemera, ndiponso m'mene banja la m'tauni lingaipezere ngakhale m'thumba muli mopepuka.

Kumene nthawi imathera

Kumudzi nchito ndi yowawa, koma imagwiridwa pamodzi. Mwana amapita ndi amake kumunda ndi kudimba, madzulo anyamata amakhala ndi akulu pabwalo, ndipo ambuye amakamba nthano ana akuyankha kuti "tiri tonse". Munthu akalephera kutuluka m'nyumba m'mawa, dzuwa lisanakwere mudzi wonse umakhala utadziwa.

M'tauni zinthu ziri mwina. Ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika mu Chipata, monganso ku Chawama, Kanyama ndi Matero mu Lusaka, munthu aliyense m'nyumba amatulukira khomo lakelake. Wogulitsa tomato ndi repu ayenera kukapikula kusanace. Wonyamula anthu pa njinga kapena pa cithuthuthu sabwerera kufikira mdima utagwa. Mlonda amagwira usiku ndi kugona usana. Ana ena amapita ku sukulu m'mawa, ena masana. Pa Ciweru pali ukwati kapena maliro, pa Sondo pali chalichi ndi misonkhano yake. Mphindi zocepa zimene zatsala madzulo zimatengedwa ndi foni, wailesi ya kanema kapena thaveni. Kotero anthu 7 angathe kugona m'zipinda ziwiri kwa mwezi wathunthu osakambirana ciriconse koposa "ndiwo ziri kuti" ndi "tsekani citseko".

Cimene cimacitika m'thupi

Munthu akakumana ndi coopsa, thupi limatulutsa timadzi tina m'magazi, makamaka adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, mitsempha ya magazi imamangika, shuga amakwera m'magazi, ndipo m'mimba mumaleka kugaya bwino cakudya. Izi ndi zothandiza kwa munthu wothawa galu woluma, cifukwa ngoziyo ikapita thupi limabwerera m'malo mwake.

Bvuto limabwera pamene coopsaco sicicoka: ngongole ya kaloba, mwini nyumba amene afuna lendi, nchito yosadziwika ngati mawa idzakhalako. Thupi limakhala lomangika usana ndi usiku. Munthu amadandaula mutu, kusowa tulo, kutentha pamtima, kupsa mtima msanga ndi kufooka kosadziwika. Zikapitirira kwa zaka, nkhawa yotere imathandizira kukweza BP ndi kubvulaza mtima, makamaka ikaphatikana ndi mowa, fodya, mcere wambiri ndi kunenepa. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene anacitika m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 5 alionse anali ndi BP yokwera.

Thupi liri ndi njira yake yomasulira zomangikazo, ndipo imodzi mwa izo ndi kukhala ndi munthu amene umamukhulupirira. Mwana wolira akanyamulidwa, kugunda kwa mtima wake kumatsika. Wamkulunso akakamba bvuto lake kwa womvetsera modekha amapuma bwino, ndipo kawirikawiri tulo timabwera usiku umenewo, ngakhale ngongoleyo ikalipobe. Koma kumasuka kotere sikubwera m'mphindi ziwiri zoimirira pakhomo. Kumafuna kuti onse awiri akhale pansi.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 1938 akatswiri a pa yunivesiti ya Harvard ku America anayamba kutsatira miyoyo ya anyamata ophunzira pamenepo, ndipo pambuyo pake anaonjezapo anyamata a m'mabanja osauka a mu mzinda wa Boston. Onse pamodzi anali 724. Anawapima ndi kuwafunsa mafunso kwa zaka zoposa 80, ndipo anafikanso kwa akazi ao ndi ana ao. Cimene cinaonekera kwambiri ndi cakuti amene anali okhutira ndi ubale wao ndi anthu ena ali ndi zaka 50 ndiwo anali ndi thanzi labwino pofika zaka 80.

Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 148 zokhudza anthu oposa 300,000 a m'maiko osiyanasiyana. Anapeza kuti pa zaka zimene anthuwo anatsatiridwa, amene anali ndi ubale wolimba ndi acibale ndi anzao anali ndi mwai wokhalabe ndi moyo wokulirapo ndi 50 pa 100 poyerekeza ndi amene anali okhaokha. Mu 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Dr Vivek Murthy, anacenjeza kuti kusowa ubale ndi anthu kumaononga thupi mofanana ndi kukoka ndudu za fodya zofika 15 pa tsiku.

Ena angaganize kuti ili ndi bvuto la azungu, popeza kuno anthu amakhala mothithikana. Koma lipoti la bungwe la World Health Organisation (WHO) la mu 2025 linati munthu mmodzi pa 6 alionse pa dziko lonse amasungulumwa, ndipo m'maiko osauka ciwerengero cinali 24 pa 100, pamene m'maiko olemera cinali pafupifupi 11 pa 100. Lipotilo linati kusungulumwa kumakhudzana ndi imfa zoposa 870,000 caka ciriconse. Munthu angathe kukhala pa poloti ya mabanja 6 koma alibe ndi mmodzi yemwe womuuza za kukhosi.

Ubale umateteza moyo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ija ya kutsitsa nkhawa m'thupi. Yaciwiri ndi yooneka ndi maso: wokhala ndi anthu amakhala ndi womuona kuti waonda, womukumbutsa mankhwala, ndi womufunira galimoto usiku matenda akakula.

Mwana wamng'ono

Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyamba, ndipo pofika zaka 5 umakhala utafika pafupifupi 90 pa 100 ya msinkhu wa ubongo wa munthu wamkulu. Kuti ukule bwino umafuna cakudya, komanso umafuna kuyankhidwa. Khanda likamwetulira, mai amwetulirenso. Likaloza nkhuku, wina anene kuti "nkhuku iyo". Kubwezerana kotereku, kukacitika kambirimbiri tsiku lirilonse, ndiko kumamanga cilankhulo ndi nzeru za mwana. Ndi cifukwa cake mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi World Bank, pochula zinthu 5 zofunika pa kakulidwe ka mwana, anaika kuyankha mwana ndi kusewera naye pa mzere umodzi ndi thanzi, cakudya ndi citetezo.

Umboni wake unaoneka ku Kingston m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987 Dr Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a m'makomboni osauka, a miyezi 9 kufikira 24. Ku nyumba za ena mwa iwo, anchito a zaumoyo anali kupita kamodzi pa mlungu kwa ola limodzi kwa zaka ziwiri, kukaonetsa amai m'mene angasewerere ndi kukambira ndi ana ao pogwiritsa nchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 anawo anafunidwanso. Amene anali kuyenderedwa anali kulandira malipiro okwera ndi 25 pa 100 kuposa anzao opinimbira amene sanayenderedwe. M'komboni muno zidole zotere ndi zitini, zitsekero za mabotolo zikuluzikulu ndi mpira wa mapepala.

Ngakhale kudya kwenikweniko kumafuna nthawi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Zambia wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Umphawi ndiwo gwero lalikulu, koma pali ana ena amene amaonda m'nyumba zimene muli cakudya. Mwana wa caka cimodzi amadya pang'onopang'ono, amasewera, amataya, kenaka ayambanso. Akaikidwa pa mbale imodzi ndi akulu ake, nsima imatha iye atangodya nthongo ziwiri. Akadyetsedwa ndi munthu wofulumira, amangoti "wakhuta" pamene wangotembenuza mutu. Mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6. Kuyambira pamenepo kufikira miyezi 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 kufikira zaka ziwiri adye katatu kapena kanai, kuonjezapo tocepa monga nthoci pakati, uku akuyamwabe. Akhale ndi mbale yakeyake kuti cimene wadya cidziwike. Womudyetsa akhale naye pansi maso ndi maso, amunyengerere osamukakamiza, ndipo phala la nsinjiro lisacotsedwe msanga.

Matenda amaonekera kwa wodekha

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zizindikiro zoyamba za matenda oopsa a ana ndi zazing'ono, ndipo wothamanga sazipenya.

Cibayo cimadziwika ndi kupuma msanga. Kuti kholo lidziwe, liyenera kubvula mwana malaya ali cete osalira, ndi kuwerenga kukwera kwa cifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losafika miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi iwiri kufikira caka akapuma ka 50 kapena kuposa, ndi mwana wa caka cimodzi kufikira zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, ngati sakutha kuyamwa kapena kumwa, ngati akusanza ciriconse, akukomoka kapena ali lefu osadzuka bwino, asadikire kuti kuce.

Matenda otsegula m'mimba nawo amafuna munthu wokhala pambali. Paketi ya madzi a moyo imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Mwana wosafika zaka ziwiri amapatsidwa kasupuni kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zirizonse. Akasanza, womwetsa adikire mphindi 10 ndi kuyambanso pang'onopang'ono. Mapiritsi a zinc amaperekedwa kwa masiku 10 kufikira 14 ngakhale kutsegulako kutaleka. Mankhwalawa ndi ochipa, koma amagwira nchito pokhapo pali wina amene wasiya zonse ndi kukhala pamphasa ndi kapu ndi supuni kwa maola angapo.

Anyamata ndi atsikana

Mwana akafika zaka 12 kapena 13 makolo ambiri amaganiza kuti nchito yatha, cotsala ndi kumulipirira sukulu ndi kumudzudzula akalakwa. Koma iyi ndiyo nthawi imene amakumana ndi mowa, camba, kubecha pa foni ndi zibwenzi. Kafukufuku wa mu 2018 uja anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 kufikira 19 anali atabala kale kapena anali ndi pakati.

Mwana wa msinkhu uwu sakamba za mumtima pamene waitanidwa kuti "bwera kuno, khala apo, tiuze". Pamenepo amaona ngati ali pa mlandu. Amakamba pamene manja ali pa nchito ndipo palibe womuyang'anitsitsa: posadzula ndiwo ndi amake, pomata cubu ca njinga ndi atate ake, poyenda kupita ku cigayo. Amayamba ndi nkhani ya mnzake, kuti aone ngati kholo lipsa mtima. Kholo likayankha ndi ukali, khomo latsekeka, ndipo nkhani yeniyeni, imene mwina ndi ya mwamuna wamkulu amene amamupatsa ndalama pa njira ya ku sukulu, sidzamveka kufikira mimba itaonekera. Alangizi ndi azakhali ali ndi mbali yao, koma malangizo a masiku ocepa sangalowe m'malo mwa kholo limene mwana amadziwa kuti likhoza kumumvera tsiku lirilonse.

Akulu nawonso

Mai amene wangobala kumene amacezeredwa kwambiri mlungu woyamba, kenaka onse amabwerera ku zao. WHO imati m'maiko osauka pafupifupi mai mmodzi pa 5 alionse amadwala maganizo atabala, makamaka matenda a cisoni cosatha. Amalira popanda cifukwa, sagona ngakhale mwana atagona, safuna kudya, ndipo amadziona ngati mai wolephera. Awa ndi matenda ndipo amacizika, koma woyamba kuwaona ndi mwamuna, apongozi kapena mnansi amene wakhala naye nthawi yokwanira kuona kuti sali monga kale.

Amuna ambiri anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Nchito ikatha kapena ngongole ikakula amangokhala duu, kapena amasamukira ku mowa. Munthu akasiya kudya ndi anzake, akayamba kugawa katundu wake kapena kunena kuti kuli bwino atangofa, mau amenewo asatengedwe ngati nthabwala. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata wokamba. Asasiyidwe yekha, mankhwala a m'munda ndi a makoswe acotsedwe pafupi, ndipo aperekezedwe ku cipatala. Nambala za foni zaulere za 933 kwa akulu ndi 116 kwa ana ziri ndi aphungu omvetsera.

Okalamba amene anatengedwa kumudzi kudzakhala m'tauni amatha tsiku lonse okha, pakhomo pokhoma. Ena amayamba kuiwala maina a adzukulu, kusocera njira kapena kutuluka usiku. Awa ndi matenda a ubongo a ukalamba, si ufiti, ndipo banja limene limaceza ndi nkhalamba yao limaona kusinthako kukali koyamba, anthu a m'njira asanayambe kumuloza zala.

Mphamvu ya kumvetsera inayesedwa ku Zimbabwe. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dr Dixon Chibanda, anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench ku Mbare mu Harare. Anaphunzitsa azimai acikulire, amene anthu amangowacha agogo, kukhala pa benci kunja kwa kiliniki ndi kumvetsera anthu odwala cimene Ashona amati "kufungisisa", ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mapiritsi. Amamvetsera, amathandiza munthu kuchula mabvuto ake limodzi limodzi, kusankhapo limodzi ndi kupeza coyamba kucita. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016, zokhudza anthu 573, zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benci kokwanira ka 6, anthu 14 pa 100 ndiwo anali akali ndi zizindikiro za matenda a cisoni, pamene mwa amene analandira cithandizo ca masiku onse anali 50 pa 100.

Odwala matenda okhalitsa

Zambia iri ndi mbiri yake pa nkhani iyi. Pamene matenda a AIDS anadzaza zipatala, cipatala ca Chikankata ca a Salvation Army ku cigawo ca kumwera cinayamba mu 1987 kuyendera odwala m'nyumba zao, ndipo machalichi ena anatsatira. Masiku amenewo kunalibe ma ARV. Cimene odzipereka aja anali naco ndi sopo, mankhwala ocepetsa ululu ndi nthawi yokhala pambali pa wodwala. Ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma pofika mu 2005, ndipo lero munthu wokhala ndi HIV amene akumwa mankhwala mokhulupirika angathe kukhala moyo wautali ndi wathanzi. Komabe kufunika kwa munthu wapafupi sikunathe.

Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6, ndipo wodwala amayamba kumva bwino pakatha milungu yocepa. Pamenepo ndi pamene ambiri amafuna kuleka, ndipo kuleka pakati kumabala TB yosamva mankhwala. Mankhwala a BP, a shuga ndi ma ARV ndi a tsiku ndi tsiku. Wodwala amene ali ndi womufunsa madzulo kuti "kodi mwamwa?" ndi womuperekeza pa tsiku lokaonedwa salumphalumpha mankhwala monga amene alimbana nazo yekha. Ndipo sitoroko ikagwa, pamene pakamwa papotoka, dzanja limodzi lafooka kapena mau sakumveka, wodwalayo sangadzitengere yekha ku cipatala. Moyo wake uli m'manja mwa amene ali pafupi.

Kupezeka kuli ndi malire

Pali zinthu zitatu zofunika kuzikumbukira. Coyamba, kuceza sikulowa m'malo mwa cipatala. Malungo amafuna kupimidwa magazi ndi mankhwala, ndipo matenda aakulu a maganizo amafuna anamwino ndi madokotala ophunzira nchitoyo, amene amapezeka pa zipatala zikuluzikulu za m'zigawo ndi pa Chainama mu Lusaka.

Caciwiri, m'nyumba zambiri mtolo wonse wosamala ana, odwala ndi okalamba umagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mai kapena mtsikana wamkulu. Iye amadzuka woyamba ndi kugona wotsiriza, ndipo mapeto ake amadwala nayenso. Mutu umodzi susenza denga. Wosamala wodwala apatsidwe tsiku lopuma, acibale agawane masiku, ndipo mtsikana asaleke sukulu cifukwa cokhala mlezi. Kukana pempho lina pamene mphamvu zatha si kuipa mtima.

Cacitatu, kukhala pamodzi kumene kumaciritsa ndi kwa mtendere. M'nyumba imene muli kumenyana ndi kutukwanana, ana amadwala nazo m'malo mopindula. Nkhanza zotere zikatuliridwe kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo kapena ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit.

Cimene lamulo limapereka

Anchito ambiri olembedwa sadziwa kuti lamulo la nchito la Employment Code Act la mu 2019 limawapatsa masiku a banja. Mai ali ndi milungu 14 ya chuthi ca ucembere, ndipo akabwerera ku nchito ali ndi ola limodzi pa tsiku loyamwitsa kwa miyezi 6 kucokera tsiku lobala. Bambo amene wagwira caka cathunthu pa malo amodzi ali ndi masiku 5 a nchito mwana akabadwa. Wanchito amene watha miyezi 6 ali ndi masiku ofika 7 pa caka, olipiridwa, odwazika mkazi, mwamuna, mwana kapena wina womudalira, akaonetsa kalata ya ku cipatala, ndi masiku ena 3 a zokhudza cisamaliro, umoyo kapena sukulu ya mwana. Ogulitsa pamsika ndi ogwira maganyu lamuloli siliwafikira, koma iwo ali ndi njira yao: monga amasinthana ndalama pa cilimba, angathenso kusinthana kuyang'anirana thebulo kuti mnzao apite ndi mwana kusikelo.

Zimene banja lingayambe nazo

1. Banja lidye pamodzi kamodzi pa tsiku, ngakhale ndiwo zikhale kapenta wocepa. Ngati madzulo sikutheka cifukwa ca nchito ya usiku, ukhale tiyi wa m'mawa. Pa nthawiyo wailesi ya kanema izimitsidwe ndipo mafoni aikidwe patali.

2. Milandu ndi zidzudzulo zisabwere pa mbale ya nsima. Zikhale ndi nthawi yake ina, kuti ana asaope kudya ndi makolo.

3. Mwana aliyense apeze mphindi 10 kapena 15 ali yekha ndi kholo, ngakhale ziri za pa njira yokatunga madzi. Atate nawonso anyamule khanda, alisambitse ndi kupita nalo kusikelo.

4. Mwana wosafika zaka ziwiri asapatsidwe foni kapena kukhazikidwa pa kanema kuti atonthole. Malangizo a WHO a mu 2019 amati wa zaka ziwiri kufikira 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

5. Nchito za panyumba zigwiridwe awiriawiri. Kucapa, kuphika pa mbaula ndi kuthirira kadimba ka kuseri kwa nyumba ndiyo mipata imene nkhani zimatulukira.

6. Wofunsa mnzake kuti "muli bwanji" adikire yankho. Womvetsera asadule mau, asathamangire kupereka malangizo, ndipo zimene wamva asakazikambe pa mpopi.

7. Banja lirilonse lidziwe nyumba imodzi yapafupi imene muli wokalamba, wodwala, wamasiye kapena mai wa khanda, ndipo wina apiteko kamodzi pa mlungu, osadikira maliro.

8. Acibale a kutali, monga bambo wogwira nchito ku Lusaka kapena ku migodi, asangotumiza ndalama pa foni. Aimbe pa tsiku lodziwika ndi kukamba ndi mwana aliyense.

Zonsezi sizifuna ngwee, koma zimafuna kuti cinthu cina cisiyidwe: ola limodzi la ku thaveni, msonkhano umodzi, kapena makasitomala awiri otsiriza a madzulo. Kwa banja losauka kutaya makasitomala awiri si nkhani yaing'ono. Koma kugoneka mwana m'cipatala kwa mlungu wathunthu kumatseka thebulo la pamsika kwa masiku 7, kuonjezapo ndalama za galimoto ndi cakudya ca wodwazika. Kholo limene madzulo ano likhala pansi ndi kuika mwana pamiyendo lidzadziwa ngati thupi lake latentha, ngati wadya, ndi m'mene akupumira, ndipo tsiku limene adzafunsidwa ku kiliniki kuti mwanayu anayamba liti kudwala, lidzakhala ndi yankho.